Chipilala chimadyetsa ndani?

FUNSO: Zikomo akulu, ine pali chinthu chimandizunguza mutu. Boma kapena khonsolo ikati imange chipilala kaya kukonza chinyumba chakale cha mbiri, ndalama zake zimakhala zankhaninkhani pomwe anthu akusowa mankhwala ndi misewu. Kodi mwala wongoima chilili umapindulira ndani? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Funso lanu ndi lomveka achimwene, ndipo sindikunamizani kuti chipilala chilichonse chimabweza ndalama, ayi. Koma taganizirani munthu amene wabwera kudzachiona uja. Tikiti ya pageti ndi kachinthu kochepa zedi pa ndalama zomwe asiye, chifukwa wakwera basi, wadya, wagona pa loji, wagula kenakake kokaonetsa kwawo, walipira omuperekeza, ndiye ndalama zonsezo zikugwera m'matumba mwa anthu oti mwina chipilalacho sanalowemo n'komwe.

Eiffel Tower, nsanja yachitsulo ya ku Paris ija, anaimaliza mu 1889 ndipo chilolezo chake chinali cha zaka 20 basi, anthu ena otchuka amati ndi chonyansa chigwetsedwe. Lero anthu pafupifupi 6 miliyoni amakwerapo pachaka, ndipo kungoipenta kokha, komwe amachita pafupifupi zaka 7 zilizonse, ndi ntchito ya anthu ambirimbiri.

Koma ine nkhani imandigwira mtima ndi ya Bilbao ku Spain. Mafakitale a zitsulo ndi okhoma sitima atagwa tawuni inafooka, ntchito kunalibe. Mu 1997 anatsegula myuziyamu ya Guggenheim ndipo alendo anayamba kukhamukirako, pafupifupi 1 miliyoni pachaka. Chomwe ambiri amaiwala n'choti sanangomanga chinyumbacho n'kukhala pansi, anayeretsa mtsinje, anaika sitima zapansi panthaka mu 1995, anakonzanso bwalo la ndege, moti mlendo akafika amapeza chifukwa chogonera, ndipo ndalama yeniyeni ili pogonapo. Wongojambula chithunzi n'kukweranso basi sasiya kanthu.

Nkhawa yanu ija ku Dakar, likulu la Senegal, inamvekanso. Chipilala cha African Renaissance chomwe anatsegula mu 2010 chinadya madola pafupifupi 27 miliyoni, ndipo omanga ake inali kampani ya ku North Korea, anthu anadandaula kwambiri, ndipo ine ndimati anali ndi mfundo. Komanso alendo akachulukitsa eni mudzi amavutika, lendi imakwera, mpaka ku Venice ku Italy mu 2024 anayamba kulipiritsa 5 euro kwa obwera m'mawa n'kubwerera madzulo pa masiku ena.

Palinso phindu losawerengeka pa kalikuleta. Ku Robben Island, chilumba cha ku South Africa komwe Nelson Mandela anakhala zaka 18 ali mkaidi, ena mwa operekeza alendo ndi anthu oti anamangidwa momwemo, akulandira malipiro uku akuwauza ana asukulu zomwe anaona ndi maso awo. Mwana wamva zimenezo saiwala.

Ndiye mukamva kuti kwanuko akufuna kumanga, musangokana kapena kuwomba m'manja, pitani ku msonkhano wa khonsolo mukafunse kuti omanga achokera kuti, ogulitsa malonda apatsidwa malo pati, pa ndalama ya pageti ndi zingati zitsale m'deralo, nanga msewu ndi zimbudzi azisamala ndani pakatha zaka 5. Akakanika kuyankha zimenezi muwauze ayambe akonza kaye mapulaniwo.