Milungu inayi ku France siyingakupatse Chifalansa chonse

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Lilongwe yemwe analemba MSCE chaka chatha. Akuti: "Azakhali anga a ku Britain alonjeza kundilipirira sukulu ya Chifalansa ya milungu inayi mumzinda wa Tours ku France mu Julaye. Chifalansacho ndinangochilawa mu Folomu 1, chomwe ndikukumbukira ndi bonjour ndi merci basi. Amayi auza kale azimayi akumpingo kuti ndikabwerako ndilowa ntchito ku embasi, pomwe abambo akuti ndikafika ndisabwerenso, ndikasake ntchito konko. Tulo sindikulipeza. Ndipite?"

Makalata otere amachuluka mphepo ya Juni ikayamba, chifukwa ife tikamavala majuzi ku Ulaya kumakhala kukutentha, ndipo masukulu a zilankhulo amadzaza ndi alendo.

Mwana wanga, tiwerengere kaye. Masukulu ambiri otere amaphunzitsa maola pafupifupi 20 pa sabata, ndiye milungu inayi ndi maola 80. Munthu woyambira pa bonjour, maola amenewa amamufikitsa cha pa A1, gawo loyamba pa makwerero oyezera luso la chilankhulo (A1, A2, B1, B2 n'kumakwera): kugula buledi, kufunsa njira ya ku siteshoni, kunena dzina lake ndi kwawo. Mayunivesite a ku France kawirikawiri amafuna B2, ndipo kuti ufike pamenepo uyenera kukhetsa thukuta maola 500 kapena kuposerapo. Inu mayi, chonde lekani kulengeza kumpingo. Mukumusenzetsa mwanayu manyazi asanakwere n'komwe ndege.

Koma zondikwiyitsa kwenikweni ndi za bambo. Viza ya ulendo waufupi ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi lomwe France ilimo, imalola masiku osaposa 90 m'masiku 180 alionse, ndipo si chilolezo chogwirira ntchito. Wofuna kukachita digiri amapempha viza ina ali kwawo. Mukuuza mwana wamkazi kuti akabisale m'dziko lomwe sangathe kufotokozera dokotala pamene pakumuwawa? Akagwidwa, zitseko za mayiko onse a Schengen zikhoza kumutsekekera kwa zaka.

Ine ndikanakhala iwe ndikanawapempha azakhaliwo kuti ulendowu audikiritse chaka chimodzi, ndipo pa ndalamazo apatuleko kachepa ka bandulo ndi mphunzitsi kunoko. Wailesi ya RFI ili ndi Journal en français facile, nkhani za mphindi khumi zowerengedwa mosathamanga, ndipo mawu ake amalembedwanso pa intaneti kuti uzitsatira ndi maso. TV5Monde nayo ili ndi maphunziro aulere. Olankhula nawo si osowa: ku Dzaleka ku Dowa kuli anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ena mwa iwo anali aphunzitsi kwawo. Ukakhwima lemba mayeso a Chifalansa a boma la France otchedwa DELF, gawo la A2. Satifiketi ya DELF siitha ntchito, ndi yako mpaka kalekale. Anzathu a ku Zambia ali ndi Alliance Française ku Lusaka yowathandiza pa zimenezi.

Phindu lake ukaliona ukangofika. Masukuluwa amayamba ndi kukuyesa kuti adziwe kalasi yokuyenera. Wa bonjour amakakhala ndi anzake owerenga un, deux, trois, zomwe ukanachita uli pakhonde kwanu. Wa A2 amatuluka m'kalasi n'kukacheza ndi wogulitsa pamsika, madzulo n'kumva mayi wa nyumba akudandaula za mtengo wa magetsi. Ndiye uwauze azakhali kuti akupezere malo m'banja la Afalansa, osati hositelo. Ku hositelo ukapezana ndi ana a ku America ndi Nigeria, mukalankhula Chingerezi mpaka tsiku lonyamuka.

Ngati azakhali anena kuti ndi chaka chino kapena ayi, chabwino, pita. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Koma uonetsetse kuti sukuluyo ili ndi chizindikiro cha boma cha Qualité FLE, ngati Institut de Touraine ya ku Tours komweko. Viza imalipiridwa mayuro 90 ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, ndiye uyambe mapepalawo msanga, ndipo RFI uyambe kumvera usiku uno.

Za ntchito: mabungwe ngati SADC, African Union ndi COMESA, yomwe likulu lake lili ku Lusaka, amagwiritsadi ntchito Chifalansa, koma amalemba akauntanti, loya kapena katswiri wa zamalonda wochilankhula. M'kalata yako yonse sunatchule ngakhale kamodzi zomwe ukufuna kuphunzira ku koleji. Undilembere kachiwiri, undiuze mapointi omwe unapeza ndi makosi omwe unasankha.