Musalitaye bukulo mayi, madzi akubwera

Mayi wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo, akuti anabwereka Life of Pi ya Yann Martel atamva zoti ndi nkhani ya mnyamata amene anakhala masiku 227 panyanja mu boti limodzi ndi kambuku, koma wawerenga machaputala 20 nyanja osaiwona, nkhani ndi ya nyama zosungidwa mumpanda ku Pondicherry m'dziko la India ndi mapemphero basi. Chamunyansa kwambiri n'choti mwanayo ndi Mhindu, ndi Mkatolika, ndi Msilamu nthawi imodzi. Akufunsa kuti alisiye kapena apitirize.

Mayi, inenso koyambirirako ndinkangosinza nalo, kutentha kwa kuno mu Okutobala munthu uli pansi pa mtengo wa nimu buku likungokamba za khalidwe la nyama, aaa ndinatsala pang'ono kulibweza. Koma bukuli lili ndi machaputala 100 ndipo sitima yomwe mnyamatayo anakwera imamira pa chaputala 37, ndiye mwatsala pang'ono.

Chomwe ndinadzazindikira pambuyo pake n'choti zonse zikukutopetsanizo ndi kamba wa paulendo. Paja bambo a mnyamatayo anamutengera kukhola kuti aone kambuku akudya mbuzi yamoyo eti? Sungani chimenecho. Kusambira komwe ankaphunzitsidwa ali mwana, kadyetsedwe ka chilombo, mmene nyama imadziwira malire ake, zonsezo adzazifuna ali pakati pa nyanja ya Pacific popanda womufunsa.

Ifetu a kuchigwa kuno izi sitifunika kuuzidwa. Januwale wa 2015 Ruo ndi Shire atakumana ku Makhanga anthu anagona m'mitengo ndi pa zulu, ena njoka ili nthambi ya pamwamba iwo ya pansi, palibe woputa mnzake. Malume anga anatulutsa banja lawo ndi bwato lomwe ankapita nalo kokawedza, nkhafi ili m'manja nyimbo ya kutchalitchi ili pakamwa, ndipo mukawafunsa chinawapulumutsa n'chiyani amangoti Mulungu, koma kupalasako anaphunzira ali ndi zaka zosakwana khumi agogo akuwakalipira padooko. Nthawi ya Freddy mu 2023 zinalinso chimodzimodzi.

Za zipembedzo zitatuzo, apa ndiye tisiyana maganizo pang'ono. Ine sindikuona ngati wolembayo akutiuza kuti tizisakaniza ayi, akutionetsa mwana amene ali ndi njala ya Mulungu ndipo aliyense womupatsa iye akulandira. Mukafika pomwe wansembe, shehe ndi mtsogoleri wa Ahindu akumana panjira aliyense akuti mwanayu ndi wathu, mudzaseka ndithu. Komanso tisanamizane, ku Nsanje mvula ikavuta alipo anthu amene Lamulungu amakhala kutchalitchi koma nkhani ya nsembe ku Khulubvi kwa Mbona saitsutsa. Sindikuti n'zabwino kapena n'zoipa, abusa anu akuyankhani zimenezo, ndikungoti sizachilendo ngati mmene mukuonera.

Pomwe ine ndimadandaula ndi poti nthawi zina wolembayo amatalikitsa nkhani ngati mlaliki woiwala wotchi, pamenepo mukhoza kuthamangako palibe mlandu. Koma kenako chenjerani, mu botimo mulinso fisi, mbidzi yothyoka mwendo ndi chinyani, ndipo zomwe fisiyo amachita musawerenge muli pa nsima.

Mathero ake sindikuuzani, mukamaliza mundilemberenso chifukwa pali funso limodzi ndikufuna ndidzakufunseni ineyo.