Fyuzi ya magetsi a pa dashibodi ikamangopsa

Bambo, mwafotokoza kuti fyuzi ya magetsi a pa dashibodi ikupsa nthawi iliyonse mukayatsa magetsi usiku, ndipo mwafunsa ngati mungaike ina yaikulu. Chonde musatero. Fyuzi anaipanga kuti izipsa iyo m'malo mwa mawaya, kotero mukachotsa yofiira ya 10A n'kuika yabuluu ya 15A kapena yachikasu ya 20A, kapenanso mukalumikiza ndi kawaya, amene adzatenthe ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, ndipo galimoto ikhoza kuyaka moto. Kukula koyenera kwalembedwa pa chivindikiro cha bokosi la mafyuzi kapena m'buku la galimoto.

Vuto lanu ndi shoti: penapake waya wosupuka wakhudza chitsulo cha bodi. Malowo nthawi zambiri sakhala mu dashibodi, chifukwa pa galimoto zambiri fyuzi imodzi yomweyo imagwiranso magetsi ofiira akumbuyo, magetsi aang'ono akutsogolo, a pa nambala ya galimoto ndiponso timagetsi ta wailesi ndi ta pa giya. Onani ngati akumbuyo nawonso athima, ndipo ngati atero musayende usiku, popeza wobwera pambuyo panu sangakuoneni.

Kuti musawononge mafyuzi ambiri, tengani babu la 12V la 21W, lumikizaniko mawaya awiri, ndipo muwalowetse m'malo mwa fyuzi, waya mbali iyi wina mbali inayo. Mukayatsa magetsi, babulo liwala kwambiri ngati shoti ilipo, koma mawaya satentha chifukwa babulo likuchepetsa mphamvu yodutsa. Tsono muzizula mapulagi imodziimodzi, wina akuyang'ana babu. Likangozilala, shoti ili pa chimene mwachotsa kumenecho.

Ine ndikanayamba ndi wailesi, makamaka ngati si yomwe inabwera ndi galimotoyo. Pa mawaya a wailesi pamakhala wina, nthawi zambiri wa olenji, wopita ku magetsi a pa dashibodi. Magetsi akakhala chizimire, wayayo akayezedwa amaoneka ngati wa nekativu, choncho oika wailesi ena amamulumikiza molakwika, pamene ena amamudula n'kumusiya wosakulunga tepi, nsonga yake ili pamtunda, ikugunda chitsulo galimoto ikamagwedezeka. Kenako pitani kumbuyo kwa galimoto, mumasule magetsi akumbuyo kuti muone m'kati mwake. Mukapeza madzi m'galasi, dzimbiri lobiriwira m'soketi kapena pulasitiki yosungunuka, mwayandikira. Onaninso ngati pamalo pa babu la 21/5W, la mawaya awiri m'kati, sanakakamizepo la waya mmodzi. Pamene mawaya amapindika polowa m'chitseko cha buti, kankhani labala wowaphimba muone ngati sanathetheke; ndipo ngati galimoto ili ndi soketi ya ngolo yokoka, musaidumphe.

Nthawi imene fyuzi ikupsa imathandizanso. Ikapsa mukangoyatsa, waya wagwiratu chitsulo. Ikamapsa pa mabampu, gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono mukuyang'ana babu lija. Ikamapsa mvula ikagwa kapena mutatsuka galimoto, ndiye kuti madzi akulowa penapake. Zonsezi zikakhala bwino, potsalira ndi pa swichi ya magetsi, pa kotembenuza kochepetsera kuwala ndi pa timababu ta kuseri kwa mita yoonetsa liwiro. Musanamasule kumeneko chotsani waya wa nekativu ku batire, ndipo mawaya achikasu, amene kawirikawiri amakhala a airbag (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi), muwasiyire wodziwa za magetsi a galimoto.