Kodi £25 ya kuzizira ija imalowa pa mita? Yankho kwa mayi wa ku Bradford

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Bradford. Ndaifupikitsa motere: "Ndakhala zaka ziwiri m'nyumba ya anthu ambiri, magetsi ndi gasi zonse zinali mu lendi. Mu Okutobala ndinasamukira mu fulati yangayanga ndi mwana wanga wa zaka zitatu, ndipo muli mita yolipiriratu. Sabata ino kwazizira koopsa, ndinathira £40 koma masiku anayi okha yatha. Mnzanga wa kuntchito akuti kukazizira chonchi kampani ya magetsi imaika £25 pa mita. Ine sindinaone kalikonse. Ndikadandaule kuti?"

Achemwali, pepani ndi chisanucho. Mnzanuyo sananame, koma wasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo si iye yekha. Nkhani imeneyi imabwera chaka chilichonse pa magulu athu a WhatsApp, nthawi zonse itapotozedwa pang'ono.

£25 imene akunenayo imatchedwa Cold Weather Payment, ndipo siichokera ku kampani ya magetsi ayi. Amapereka ndi boma la UK kudzera ku DWP, dipatimenti yoona za ntchito ndi penshoni, ndipo imalowa mu akaunti ya kubanki, osati pa mita. Imagwira ntchito kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Postcode iliyonse anailumikiza ku malo oyezera nyengo a Met Office, ndiye amatenga masiku asanu ndi awiri otsatizana n'kuona pakatikati (avareji) pa kuzizira kwake. Pakakhala pa madigiri 0 kapena kutsika apo, kaya atayeza kapena atalosera, ndalamayo imatuluka yokha pasanathe masiku 14 ogwira ntchito. Mawu akuti pakatikati ndi amene amapusitsa anthu. Mutha kudzuka galasi la galimoto litaundana m'mawa uliwonse, koma ngati masana kukufika madigiri 4 kapena 5, masamuwo sakwana. Pa GOV.UK pali tsamba limene mumalembapo postcode yanu n'kuona ngati dera lanu lafikapo.

Koma ngakhale Bradford yense ataundana, si aliyense amalandira. Ndi ya anthu amene ali kale pa thandizo la boma monga Pension Credit, kapena Universal Credit koma sali pa ntchito ndipo ali ndi mwana wosakwana zaka zisanu kapena matenda owalepheretsa kugwira ntchito. Ku Scotland adaithetsa n'komwe, m'malo mwake amapereka Winter Heating Payment kamodzi pachaka, kuzizire kusazizire.

Simunatchule viza yanu, koma poona ntchito yanu ndi nthawi imene munabwera, ndikuganiza kuti ndi ya Health and Care Worker, ngati ya abale athu ambiri amene anafika mu 2022 ndi 2023. Lowani mu akaunti yanu ya eVisa muone. Ngati palembedwa kuti simuloledwa ndalama za boma, zimene amati no recourse to public funds, ndiye kuti Universal Credit si yanu, ndipo £25 ija siidzabwera. Musaithamangire. Musalolenso munthu wina kukulemberani fomu ya thandizo la boma "kuti tingoyesa". Kuyesa kumeneko kumakapezeka tsiku limene mukukonzanso viza, ndipo £25 siingalipire zimene mungataye pamenepo. Ngakhale thandizo la kukhonsolo, musanalandire kafunseni kaye ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, chifukwa lina limawerengedwa ngati ndalama za boma pomwe lina ayi. Kufunsako n'kwaulere.

Chinthu chachiwiri chimene mnzanuyo wasakaniza ndi Warm Home Discount. Imeneyi ndiye imadzeradi ku kampani: £150 yochotsedwa pa bilu ya magetsi kamodzi m'nyengo yozizira, ndipo a mita yolipiriratu amaiikira pa mita pomwepo kapena kuwatumizira vocha yokaombola kushopu. Inayamba mu 2011, ndipo kwa zaka zambiri inali £140. Siiyendera kuti kunja kwazizira bwanji. Ku England ndi Wales amaona mayina a anthu amene ali pa thandizo la boma la opeza zochepa, n'kuwafananitsa ndi mayina a pa mabilu, ndiye nayonso ambiri a ife imatidutsa. Mwinanso mnzanuyo akukumbukira £400 ya nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023, imene inkalowa £66 kapena £67 mwezi uliwonse kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Imene ija inali ya nyumba iliyonse yokhala ndi mita ya magetsi, osafunsa viza. Inatha, sinabwerenso.

Tsono tibwere pa chimene chandikhudza kwambiri mu kalata yanu, chimene inu munangochitchula modutsa. £40 masiku anayi mu fulati ya anthu awiri ndi yambiri. Zitha kuchitika ngati mukutenthetsa ndi mahita a magetsi okhaokha usana ndi usiku, koma ine ndikukayikira china.

Ndikuuzeni zanga. Nyumba yoyamba imene ndinachita lendi ndekha kuno, alandilodi anandipatsa makiyi a chitseko pamodzi ndi kakiyi ka pulasitiki ka mita, n'kuti "thirani pa shopu ya pakona apo". Ine poti ndinazolowera mayunitsi a ESCOM, ndinati izi n'zodziwikiratu. Ndikathira £20, mita n'kuonetsa ndalama yocheperapo, ine n'kumati mwina ndi msonkho. Usiku wina mita inayamba kulira tiii tiii m'kabati ya pansi pa masitepe, ine nditagwada pamenepo ndi tochi ya pafoni, nditavala majekete awiri, n'kumadina batani kuti ndione chavuta n'chiyani. Pa manambala amene ankasinthana pagalasipo panali ena osonyeza ngongole. Inali ya munthu amene ankakhala m'nyumbamo ine ndisanabwere, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkamulipirira mokhulupirika ngati m'bale wanga. Nditaimba foni ku kampani n'kutumiza chikalata cha lendi chosonyeza tsiku limene ndinalowa, anandipatsa kiyi wina n'kubweza zimene ndinalipira molakwika. Zinatenga masabata, koma zinabwera.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: mutalowa mu Okutobala, munaiuza kampani kuti muli munthu watsopano? Kiyi kapena khadi limene mukuthirira ndi la dzina lanu, kapena munalipeza pa windo? Ngati munalipeza, imbani mawa lomwe. Dziwaninso kuti mita ya kuno imasiyana ndi ya kwathu pa chinthu chimodzi chowawa: imadya ndalama tsiku lililonse ngakhale mutazimitsa zonse, imene amati standing charge. Pa magetsi imaposa 50p patsiku m'madera ambiri, gasi nayenso ali ndi yake. Fulati ikakhala yopanda munthu miyezi itatu, ndalama imeneyi imangounjikana, ndipo amene amaipeza ndi wolowa kumene.

Mukaimba foniyo musathere pa ngongole pokha. Apa m'pamene pali thandizo lenileni la anthu ngati inu, chifukwa malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, safunsa za viza. Amateteza kasitomala aliyense. Kampani imayenera kukhala ndi emergency credit, kangongole kakang'ono kamene mumatsegula nokha pa mita ndalama ikatsala pang'ono kutha. Kawirikawiri kamakhala £5 kapena £10 malinga ndi kampani. Palinso maola amene magetsi sazima ngakhale ndalama itatheratu, usiku, Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Ndipo kuyambira mu Disembala 2020, munthu amene ali pachiopsezo, monga mayi wa mwana wamng'ono m'nyumba yozizira, akanena kuti alibe yothira, kampani imayenera kuganizira zomupatsa additional support credit. Tchulani mawu amenewa ndendende, chifukwa amene akuyankha foniyo akuwerenga pa kompyuta, ndipo mawu oyenera amatsegula tsamba loyenera. Zonsezi ndi ngongole, si mphatso. Koma kabwezedwe kake amayenera kugwirizana ndi inu molingana ndi zimene mumapeza, ndiye akatchula ndalama yokulemerani pa sabata, kanani mwaulemu n'kutchula yanu.

Ife a kwathu tili ndi matenda amodzi pa foni. Akatifunsa kuti muli bwanji timati tili bwino, ngakhale mwana akugona atavala chipewa. Pa foni imeneyi musakhale bwino. Nenani kuti muli ndi mwana wa zaka zitatu, mita yazima kangati mwezi uno, ndipo mwakhala mukuzimitsa hita kuti ndalama ifike Lachisanu. Pemphani kuti akulembeni pa Priority Services Register, m'ndandanda wa makasitomala ofunika chisamaliro chapadera. N'kwaulere, ndipo nyumba yokhala ndi mwana wosakwana zaka zisanu imaloledwa. Siichepetsa bilu, koma magetsi akazima chifukwa cha mphepo yamkuntho kapena chipale, inu mumakhala m'gulu loyamba kuganiziridwa. Nambala ya magetsi akazima dera lonse ndi 105.

Za mphatso zenizeni, zilipo koma sizilengezedwa mokweza. Makampani akuluakulu ali ndi thumba lothandizira makasitomala amene akuvutika. British Gas Energy Trust imafafanizira anthu ngongole, nthawi zina ngakhale amene si makasitomala a British Gas, ndipo Octopus yakhala ikugawa mabulangete a magetsi. Fuel Bank Foundation imapereka mavocha a mita yolipiriratu, koma simupita nokha: amakutumizani ndi a Citizens Advice, a malo ogawira chakudya kapena bungwe lina lothandiza anthu. Izi ndi ndalama za makampani ndi mabungwe achifundo, si za boma.

Meseji ikabwera pa foni yonena kuti mwasankhidwa kulandira ndalama yotenthetsera nyumba, dinani apa mulembe nambala ya khadi, imeneyo ndi ya akuba. Imachuluka nyengo ino. Itumizeni ku 7726 n'kuifufuta.

Chomaliza, chimene ndikudziwa kuti chimabwera m'mutu mwa Mmalawi aliyense usiku wozizira. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni timalowetsa mbaula m'nyumba, ndipo ngakhale kumeneko imapha anthu, chonsecho nyumba zathu zimapuma m'mazenera ndi kudenga. Fulati ya ku Bradford anaimata paliponse kuti mpweya usatuluke. Makala a braai, sitovu ya gasi yosiya ikuyaka kuti itenthetse chipinda, zonsezo ayi. Mpweya wake wa poizoni, wotchedwa carbon monoxide, sununkha, munthu amangomva tulo. Ku England alandilodi amakakamizidwa ndi lamulo kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boila ya gasi, ndiye onani ngati ilipo ndipo muidine batani kuti mumve kulira. Tenthetsani chipinda chimodzi chimene inu ndi mwana mumakhalamo kuti chifike madigiri 18, zitseko zina mutseke, ndipo pansi pa chitseko muikepo thaulo lopinda.

Mukaimba foni ija mundilemberenso, makamaka za kiyiyo. Musanaimbe jambulani manambala onse amene akuoneka pa mita, limodzi ndi malisiti a kushopu kuyambira Okutobala ngati munasunga.