Ndili ndi digiri ya Home Economics: kodi ndivomere kuphunzitsa popanda malipiro?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wina amene angomaliza digiri ya Home Economics. Ntchito sanaipeze, ndipo abale ena akuwaseka kuti anataya zaka kuphunzira kuphika ndi kusoka. Tsopano gulu la amayi lawapempha kuti aziwaphunzitsa za kadyedwe ka ana ndi kasungidwe ka chakudya, koma kwaulere. Akufunsa kuti: ndivomere, kapena ndikatero ndiye kuti nanenso ndavomereza kuti maphunziro angawa ndi achabechabe?

Achemwali, vomerani. Koma ndikufuna mupite kumeneko mukudziwa chimene mwanyamula, chifukwa si chaching'ono ayi.

Ntchito yanuyi inayambira mu labotale. Ellen Swallow Richards wa ku America, amene anabadwa mu 1842, ndiye mkazi woyamba kuloledwa kuphunzira ku Massachusetts Institute of Technology, ndipo analandira digiri ya chemistry kumeneko mu 1873. Mu 1876 anathandiza kutsegula labotale ya akazi pasukuluyo, naphunzitsamo zaka zingapo osalandira kanthu. Pa ntchito yolipidwa anamulemba mu 1884. Kuyambira 1887 anagwira ntchito yaikulu yoyeza madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja za chigawo cha Massachusetts, pofufuza kumene zonyansa zinkalowera m'madzi amene anthu ankamwa. Mayi yemweyu ndiye ankatsogolera misonkhano ya za Home Economics ya ku Lake Placid, m'chigawo cha New York, imene inayamba mu 1899, ndipo bungwe la American Home Economics Association litakhazikitsidwa, pulezidenti wake woyamba anali iye. Chimene ankalimbikira n'chakuti madzi, mpweya ndi chakudya cha m'nyumba zimapha kapena kupulumutsa anthu, choncho zimafunika sayansi yeniyeni. Zaka zija ankaphunzitsa mwaulere sizinamutsitse ulemu. Ndi m'zaka zomwezo mmene anthu anaonera zimene angathe.

Pali mbali ina ya mbiri yake imene ndikufuna muisunge kwambiri. Mu 1890 iye ndi Mary Hinman Abel anatsegula New England Kitchen mumzinda wa Boston, malo ogulitsa chakudya chopatsa thanzi pamtengo wotsika kwa anthu ogwira ntchito zolemetsa. Chakudyacho chinali choyezedwa bwino, mawerengero ake olondola. Komabe mabanja ambiri osauka, makamaka obwera kuchokera kumaiko ena, sanachikonde, popeza sichinali chimene anazolowera kudya. Akatswiri anadziwa zimene thupi limafuna, koma sanafunse mokwanira zimene anthuwo amakonda. Ntchitoyo sinafere pomwepo: mu 1894 khitchiniyo inayamba kuphikira ana a m'sukulu za ku Boston chakudya cha masana.

Ndiye mukakafika pagululo, tsiku loyamba likhale lomvetsera. Afunseni zimene amaphika, nthawi imene amaphika, kumene amasunga chotsala, amene amadyetsa mwana mayi akachokapo. Amayiwo akhala akusamala mabanja kwa zaka zambiri, ndipo mudzaphunzira kwa iwo zinthu zimene simunazimve m'kalasi. Inu chimene mukuwonjezera ndi chifukwa chake cha zinthu. Aliyense amadziwa kuti chakudya chogona chimatsegula m'mimba, koma si onse amadziwa kuti tizilombo timaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius, kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndiponso kuti potenthetsa chotsala chiyenera kutentha mpaka m'kati, osangofunditsa. Awa ndi malangizo a bungwe la World Health Organization, lomwe limalangizanso kuyamwitsa mwana bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Mayi akamvetsa chifukwa, amatha kusintha yekha njira malinga ndi zimene ali nazo pakhomo, ngakhale inu mulibepo.

Nkhawa yanu ya malipiro ndikuimva, ndipo ndi yoona. Ntchito zimene akazi amagwira pakhomo anthu anazolowera kuziona ngati zaulere, ndipo katswiri wa za pakhomo amagwera m'dzenje lomwelo mosavuta. Mudziteteze chonchi: gwirizanani ndi gululo masiku ndi nthawi, komanso mwezi umene maphunziro adzathere. Zipangizo zophunzitsira asonkhe okha, musamatulutse m'thumba mwanu. Ndipo muzilemba. Lembani amene abwera, mutu umene mwaphunzitsa, zimene anali kuchita poyamba ndi zimene asintha pambuyo pake. Pamapeto pemphani atsogoleri a gululo akulembereni kalata yosainidwa. Kudzipereka kwa mtundu uwu kumasiyana ndi kugwiritsidwa ntchito mwaulere ndi bungwe limene lili ndi ndalama zolipira. Bungwe lotero likakuitanani, kambiranani za malipiro musanayambe, mopanda manyazi.

Kumbali ya ntchito, musayang'ane kusukulu kokha. Ophunzira ngati inu amagwira ntchito zaulangizi m'madera, m'makhitchini a zipatala, m'mafakitale a zakudya ndi a nsalu, m'mabungwe oteteza ogula ndi olangiza mabanja za bajeti. Olemba ntchito m'malo onsewa amafuna munthu amene anayimapo pamaso pa gulu n'kuliphunzitsa mpaka kusintha kuoneka, ndipo kope lanu lija ndiye umboni wake. Funafunaninso anzanu a ntchito imodzi. Bungwe la International Federation for Home Economics, limene linakhazikitsidwa mu 1908 ku Fribourg m'dziko la Switzerland, lilipobe, ndipo chaka chilichonse pa 21 Malichi limakumbukira tsiku la Home Economics padziko lonse.

Ayankheni amayiwo sabata ino, muwauze tsiku lokumana koyamba. Mukamaliza mwezi woyamba mundilemberenso, ndikufuna kumva mafunso amene akufunsani.