Yankho pa Funso la Utsamunda ndi Malire a Dziko

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene akatswiri a ubale wa mayiko amalimbikirabe kukamba za utsamunda pamene Malawi adalandira ufulu mu 1964. Kwa ife a ku Ntcheu yankho lili pa msewu wa M1, chifukwa pa Lizulu msewuwo ndi umene umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, ndipo malire amenewa, amene adachokera ku pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, adagawa Angoni a Maseko pakati, ena n'kutsalira ku Angonia. Mu 1964 atsogoleri a OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, atakumana ku Cairo adagwirizana kusunga malire a atsamunda poopa nkhondo, kotero dziko lomwe tidalimenyera lidatengera mpanda womangidwa ndi alendo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kwa nthawi yaitali maphunziro a ubale wa mayikowa ankawerengera mayiko a ku Ulaya okha ngati ochita zinthu. Koma Inkosi Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, adaphedwa ndi Angerezi mu 1896 chifukwa chokana kugonja, ndipo mwana wake, Philip Gomani, adachotsedwa pampando mu 1953 atatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Akatswiri amakono akufuna kukana kotereku kuwerengedwe ngati ndale za pakati pa mayiko.