Kupaka phula snowboard muli kuno ku Mangochi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kuno kwathu amene m'miyezi yozizira amakagwira ganyu ku Afriski, malo a masewera otsetsereka pa chipale chofewa, kumapiri a Maluti ku Lesotho. Akuti anagula snowboard (thabwa lotsetserekera pa chipale chofewa) yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnzake, ndipo nyengo itatha mu Ogasiti anabwera nayo kumudzi. Tsopano kunsi kwake kwatuwa, makamaka m'mbalimu. Akufunsa ngati angaipake phula la kandulo pogwiritsa ntchito simbi ya makala ya mayi ake.

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayambe. Simbi ya makalayo isiyireni malaya ndi zitenje.

Kunsi kwa thabwa lanulo kuli pulasitiki yotchedwa polyethylene, ambiri amangoti P-Tex. Ikatenthedwa pang'ono imamwa phula, ndipo phulalo ndi limene limachititsa kuti thabwa liziterera pa chipale chofewa. Kutuwa mukukuonako ndi ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta mu Julayi: thabwa lauma basi, silinafe. Koma pulasitiki imeneyi imayamba kusungunuka kutentha kukafika cha m'ma digiri 135, pomwe phula lambiri limafuna simbi ya madigiri pakati pa 120 ndi 140. Mukuona kufupikirana kwake? Simbi ya makala simungaiuze kuti ima pamenepa. Ine ndinaphunzira movutikira nthawi imene ndinkathandiza m'shopu yokonza matabwa amenewa. Ndinasiya simbi pamalo amodzi ndikuyankha foni, pobwerera ndinapeza kunsi kwa thabwa la kasitomala kwatupa ngati chithuza. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa, chifukwa bala lotere silipola.

Pezani simbi yamagetsi yakale yokhala ndi kotembenuzira kutentha. Ikakhala yopanda timabowo ta nthunzi ndiye bwino kwambiri, ndipo musathiremo madzi. Mukangoipaka phula, simbi imeneyo isadzasitenso zovala.

Kandulo nayenso ayi. Amasakanizamo zina zoti aziyaka bwino ndi kununkhira, ndipo phula lake silikhalitsa pa chipale. Phula lenileni limabwera m'timabuloko ngati sopo, ndipo makampani ambiri amalisiyanitsa ndi mitundu: lachikasu ndi la chipale chonyowa kukafunda, lofiira ndi la pakatikati, labuluu ndi la kozizira kwambiri. Inu gulani lolembedwa kuti ndi la nyengo zonse, mutumize kwa abale athu a ku Joni akubweretsereni. Lokhala ndi mankhwala otchedwa fluoro lisiyeni, bungwe la FIS, loyendetsa masewera amenewa padziko lonse, linaliletsa pa mipikisano kuyambira nyengo ya 2023 mpaka 2024 chifukwa mankhwala ake sawola m'chilengedwe ndipo utsi wake ndi woipa m'mapapo.

Ntchito yake ili motere. Masulani kapena chotsani zomangira mapazi zomwe zili pamwamba pa thabwa, chifukwa masikuluwu akakhala othina thabwa likutentha, kunsi kumatsala timaenje. Ligonekeni chagada pa mipando iwiri, pakhonde pamene mphepo ikudutsa, pansi mutayala manyuzipepala. Pukutani fumbi lonse ndi kansalu, thabwa liume. Kenaka gunditsani buloko la phula ku simbi yotentha, madontho azigwera pa thabwa kuzungulira m'mbali monse, ndi mzere wokhotakhota pakati. Mukaona utsi, simbi yapsa kwambiri, tsitsani msanga.

Posita ndi pamene pagona nkhani. Dzanja lisaime. Yendetsani simbi pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumchira, muzisiya kumbuyo kwake kamzere konyezimira ka phula losungunuka kotalika ngati chala kapena kuposa pang'ono. Nthawi ndi nthawi pisani dzanja kunsi, mugwire mbali yoponda ija. Ikhale yofunda ngati kapu ya tiyi amene wayamba kuzizira. Ikayamba kuotcha, chotsani simbi, mudikire. M'mbali muja mwatuwamo ndi mmene mumamwa phula lambiri, choncho bwerezanimo kawiri. Magetsi akathima muli pakati musadandaule, mudzapitiriza akayaka, palibe choonongeka.

Mukanakhala kuti mawa mukukwera phiri, mukanadikira mphindi 30 kapena kuposerapo kuti lizizire, n'kupala phula lonse ndi chopalira cha pulasitiki, kuchokera kumutu kupita kumchira, kenaka n'kukwecha ndi bulashi ya nayiloni. Anthu ambiri amamva chisoni kupala, amati phula lapita pachabe. Komatu logwira ntchito ndi lija lalowa m'kati, lotsala pamwamba limangogwira thabwa kuti lisathamange.

Inu nkhani yanu ndi ina. Thabwa lanu likhala kuno mpaka Meyi kapena Juni, ndiye musapale. Pakani phula lochindikala, likute ngakhale zitsulo za m'mbali, mulisiye choncho. Mukudziwa chinyontho cha kuno kunyanja mvula ikayamba mu Disembala, mmene chikwanje chimachitira dzimbiri pa sabata imodzi. Zitsulo za thabwa lanu nazonso zingatero. Ngati dzimbiri layamba kale, lichotseni pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala musanapake, osakanda pulasitikiyo.

Ndipo chonde, musalipachike kudenga pafupi ndi malata. Dzuwa la Okutobala la ku Mangochi likawomba malata, pamwambapo pamasanduka uvuni, ndipo kutentha kotere kwa miyezi kumafooketsa guluu wogwira zigawo za thabwa. Liikeni m'chipinda chozizirirapo, pamwamba pa kabati kapena kunsi kwa bedi pa katoni, losatsamiridwa ndi matumba a chimanga. Mukamadzanyamuka ulendo wa ku Lesotho, dzapaleni usiku womaliza, mumangenso zomangira mapazi, ndipo kabuloko kotsalako kadzalowe m'chikwama, popeza kumeneko muzidzapakanso mukatsetsereka masiku atatu mpaka asanu.